Mamendulo a Alimi ku Soviet Union ndi Nkhani ya Sikelo

Pa 1 Meyi m'chaka cha 2013, mumzinda wa St Petersburg, Prezidenti wa dziko la Russia, a Vladimir Putin, adaveka amuna asanu nyenyezi ya golide pachifuwa ndi kuwatcha Ngwazi za Ntchito. Pakati pa asanuwo padali mtsogoleri wa gulu la zoimbaimba, dokotala wochita opaleshoni ya ubongo, mmisiri wa zitsulo, wokumba malasha, ndiponso a Yuri Konnov, woyendetsa makina olimira wa m'chigawo cha Voronezh. Ulemuwu sudali wachilendo kwa eni dzikolo. Udali mwambo wa boma la Soviet Union womwe udafa pamodzi ndi bomalo mu Disembala 1991, ndipo atsogoleri a Russia adauukitsa patapita zaka zoposa makumi awiri ponena kuti munthu wogwira ntchito ndi manja ake ayenera kulemekezedwanso.

Nkhaniyi ikuchokera kutali, koma tikuibweretsa kwa awerengi athu, makamaka inu amene mumalemba malipoti m'maofesi a boma ndi inu aphunzitsi, chifukwa ndi maiko ochepa amene adayesa kulimbikitsa ulimi ndi mamendulo kwa nthawi yaitali ndi pamlingo waukulu monga lidachitira dziko la Soviet Union. Zotsatira zake zidalembedwa, ndipo zambiri zomwe zidali zobisika nthawi imeneyo tsopano zili poyera. Ganizo lathu ndi lakuti mendulo payokha ilibe pakamwa. Imangobwereza zomwe sikelo ndi kalaliki anena, ndipo m'dziko lija mavuto adayambira pa sikelo ndi pa kalaliki pomwepo.

Kuti timvetse chiyambi cha mamendulowa tiyenera kubwerera ku 1929, pamene boma la Joseph Stalin lidayamba kukakamiza alimi kusonkhanitsa minda, ziweto ndi zipangizo zawo m'minda ya chigwirizano yotchedwa kolkhoz. Alimi ambiri adapha ziweto zawo m'malo mozipereka, mabanja zikwizikwi adathamangitsidwira ku Siberia, ndipo mu 1932 ndi 1933 kudagwa njala yomwe idapha anthu mamiliyoni angapo ku Ukraine, ku Kazakhstan ndi m'madera a m'mbali mwa mtsinje wa Volga. Itatha njalayo boma lidatsala ndi funso lovuta. Munthu amene munda si wake, zokolola si zake, ndipo mtengo wa zokololazo sakambirana ndi iye, adzalawiriranji kumunda? Yankho limodzi lidali chilango, ndipo chidalipo chochuluka. Yankho lina lidali ulemu.

Mu Febuluwale 1935, pamsonkhano wa alimi akhama ku Moscow, mtsikana wa ku Ukraine, Maria Demchenko, adalonjeza pamaso pa Stalin kuti adzakolola matani 50 a beet pa hekitala imodzi. Beet ndi mbewu ya muzu waukulu wotsekemera yomwe kumeneko amapangira shuga. Adakolola matani oposa 52, nalandira Mendulo ya Lenin, ndipo dzina lake lidamveka m'nyuzipepala ndi m'sukulu za dziko lonse. Mnzake pa kutchuka adali Pasha Angelina wa m'chigawo cha Donetsk, amene mu 1933 adakhazikitsa gulu la akazi okhaokha oyendetsa mathirakitala, ndipo mu 1938 adaitana akazi 100,000 kuti aphunzire ntchitoyo. Nkhondo itabuka mu 1941, amuna n'kupita kukamenya, akazi otere ndiwo adagwira minda.

M'zaka zomwezo boma lidamanga makwerero athunthu a ulemu. Mu Novembala 1935 lidakhazikitsa Mendulo ya Chizindikiro cha Ulemu. Pa 27 Disembala 1938 lidakhazikitsa dzina lapamwamba kwambiri kwa anthu wamba, la Ngwazi ya Ntchito ya Sosholizimu, ndipo woyamba kulilandira, mu Disembala 1939, adali Stalin mwiniwake. Kuyambira 1940 ngwazi inkavekedwa nyenyezi ya golide yokhala ndi chithunzi cha nyundo ndi zenga, pamodzi ndi Mendulo ya Lenin, ndipo pambuyo pake wolandira dzinali kachiwiri ankamuimikira chiboliboli cha mkuwa kumudzi kwawo akadali moyo. Pansi pake padali mamendulo a chionetsero chachikulu cha zaulimi chomwe chidatsegulidwa ku Moscow pa 1 Ogasiti 1939, mabaji a unduna a opambana pa mpikisano wa ntchito, maina aulemu a alangizi ndi madokotala a ziweto, mbendera zofiira zomwe zinkasamuka kuchoka ku kolkhoz ina kupita ku ina, mpaka bolodi la zithunzi za akhama pakhomo la ofesi ya m'mudzi. Pomwe dziko lija linkatha, anthu oposa 20,000 adali atalandira dzina la Ngwazi, ndipo gawo lalikulu la iwo adali a kuminda.

Poyamba dzinali linkapita kwa anthu ochepa, monga opanga ndege ndi mfuti ndi akuluakulu a mafakitale ndi a njanji. Chitseko chidatsegukira alimi mu Malichi 1947. Chilala cha 1946, chomwe chidapeza midzi yopanda amuna ndi akavalo chifukwa cha nkhondo, chidabweretsa njala ina yomwe akatswiri a mbiri amati idapha anthu miliyoni imodzi kapena kuposerapo. Boma lidatulutsa lamulo lotchula, malinga ndi dera, kuchuluka kwa tirigu, chimanga, beet kapena thonje komwe munthu ayenera kukolola pa hekitala kuti alandire mendulo yakutiyakuti, ndi kukula kwa munda womwe akololepo. N'chifukwa chake mbiri za ngwazi zambiri za 1948 zimafanana ngati ana a bere limodzi: mayi wotsogolera kagulu ka anthu ochepa, tirigu wokwana matani 3 pa hekitala, pamunda wa mahekitala 8. Matani 3 ndiwo matumba 60 a makilogalamu 50. M'zaka zochepa zotsatira alimi zikwi zingapo adavekedwa nyenyezi.

M'dongosolo limeneli mudali mfundo yomwe tikupempha awerengi aigwiritsitse, chifukwa zonse zotsatira zidachokera pamenepo. Ulemu sunkaima pa mlimi wogwira khasu. Zokolola zikafika pamlingo wotchulidwawo, naye kapitao, tcheyamani wa kolkhoz, mlangizi wa zaulimi, mkulu wa siteshoni ya mathirakitala, ngakhalenso mlembi wa chipani wa deralo, ankatha kulandira yawo mendulo. Ndiye kuti pafupifupi aliyense amene adali ndi udindo woyeza, wolemba ndi wotsimikiza zokolola adalinso ndi gawo pa mphotho ya chiwerengero chomwecho. Mbuzi idapatsidwa ntchito yolondera chimanga, ndipo palibe adaona chachilendo.

Tisafulumire kunyoza, chifukwa mamendulo ambiri adapita kwa anthu amene adakhetsadi thukuta, ndipo adasintha miyoyo yawo. M'chilimwe cha 1948, m'mudzi wa Privolnoye m'chigawo cha Stavropol, mnyamata wa zaka 17 adathandiza bambo ake kuyendetsa makina okololera, ndipo awiriwo adakolola matani pafupifupi 890 a mbewu. Bamboyo adalandira Mendulo ya Lenin, mwanayo Mendulo ya Mbendera Yofiira ya Ntchito. Mendulo imeneyo idamuthandiza mwana wa m'mudzi kulowa pa yunivesite ya Moscow mu 1950 kukaphunzira zamalamulo. Dzina lake ndi Mikhail Gorbachev, amene adadzakhala mtsogoleri womaliza wa dzikolo. Kwa mayi wokama ng'ombe wa kumudzi wakutali, nyenyezi ya golide inkatanthauza ulendo wa ku Moscow, mpando m'nyumba ya malamulo, nyumba yabwinoko, ndipo kuyambira 1967 penshoni yapadera ndi maulendo aulere. M'dziko lomwe ntchito ya kumunda inkaonedwa ngati ya otsalira, chimenecho sichidali chinthu chaching'ono.

Ndipo ena mwa ovekedwawo ntchito yawo idali yoti aliyense akanaiyesa pamunda pake. Pavel Lukyanenko wa ku Krasnodar adapanga mtundu wa tirigu wotchedwa Bezostaya 1 womwe udalimidwa pa mahekitala mamiliyoni ambiri, ngakhale kunja kwa dzikolo. Vasily Pustovoit adasankha mpendadzuwa kwa zaka makumi angapo mpaka mafuta a mu njere adakwera kuchoka pa gawo limodzi mwa atatu kufika pa theka. Terenty Maltsev, mlimi wa ku Kurgan amene sadapite patali ndi sukulu, adasonyeza kuti nthaka ya kwawo imabereka bwino ngati siigalauzidwa chaka ndi chaka. Atatuwa adavekedwa nyenyezi kawiri aliyense, ndipo lero lomwe palibe amene amawatsutsa. Mbewu siinamizira. Ukaidzala imaonetsa yokha chomwe ili.

Koma pambuyo pa ngwazi imodzi padali alimi zikwi amene sadavekedwe kanthu, ndipo tiyenera kufunsa kuti iwowo ankalandira chiyani. Mlimi wa mu kolkhoz adalibe malipiro a pamwezi. Kapitao ankalemba timizere m'buku tosonyeza masiku a ntchito, ndipo pakutha pa chaka, boma litatenga gawo lake pamtengo wochepetsetsa, siteshoni ya mathirakitala italipidwa, mbewu yodzala itasungidwa, zotsalazo ndizo zinkagawidwa malinga ndi timizereto. Zaka zina sikunkatsala kanthu, ndipo alimi ankati akugwirira ntchito timizere. Malipiro otsimikizika adayamba mu 1966. Lamulo la penshoni ya boma kwa alimi a mu kolkhoz lidabwera mu 1964, ndipo penshoni yochepetsetsa idali ma ruble 12 pamwezi. Chiphaso choyendera m'dziko momwemo, chomwe anthu a m'tauni adali nacho kuyambira 1932, alimi adachiloledwa ndi lamulo la 1974, ndipo kugawa kwake kudatha mu 1981. Tangoganizani: dziko lidayamba kuimikira mlimi chiboliboli zaka makumi angapo lisanamulole kuchoka pamudzi popanda kupempha kwa tcheyamani.

Alimiwo adayankha ndi manja awo. Banja lililonse linkaloledwa kadimba kuseri kwa nyumba, ng'ombe imodzi, nkhumba ndi nkhuku zochepa. Timadimba timeneti, tomwe tonse pamodzi tinkakwana pafupifupi magawo atatu okha pa magawo 100 a nthaka yolimidwa, tinkatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa anayi a zokolola zonse za dziko, kuphatikizapo mbatatesi yoposa theka. N'zoona kuti chakudya cha ziweto za pakhomo chinkachokeranso ku minda ya kolkhoz, mwachilolezo kapena mwamseri, kotero chiwerengerochi chisatengedwe mwachibwana. Komabe pa kadimba kaja padalibe mendulo, padalibe mbendera. Padali msika basi.

Vuto lachiwiri lidali la minda yachionetsero. Tcheyamani wochenjera adazindikira msanga kuti n'kosavuta kupanga ngwazi imodzi kusiyana ndi kukweza zokolola za kolkhoz yonse. Ankasankha nthaka yabwino, kuthirapo manyowa ndi feteleza wa minda khumi, kutumizako thirakitala yoyamba ndi anthu opalira, ndipo mendulo inkabwera. Mlimi wotchuka wa chimanga wa ku Ukraine, Mark Ozerny, adalembedwa mu 1949 kuti wakolola matani oposa 22 pa hekitala, matumba opitirira 440. Sitikunena kuti adanama. Chimanga chosamalidwa ngati khanda chingathe kutero. Koma ziwerengero zotere zidalowa m'mutu mwa Nikita Khrushchev, amene adalamula kuti chimanga chidzalidwe ponseponse. Minda yake idakula kuchoka pa mahekitala pafupifupi 4 miliyoni mu 1954 kufika pa 37 miliyoni mu 1962, mpaka kumpoto kozizira komwe chimanga sichikhwima. Msipu wa ng'ombe udagalauzidwa kuti chimanga chipeze malo, ndipo m'madera ambiri ng'ombe zidataya msipu osapeza chimangacho.

Chitsanzo chomwe wogwira ntchito m'boma aliyense ayenera kuchidziwa ndi cha chigawo cha Ryazan, kum'mwera chakum'mawa kwa Moscow. Mu 1957 Khrushchev adalengeza kuti dziko lake lipitirira America pa nyama, mkaka ndi batala m'zaka zochepa. Ziweto sizimva zolengeza za pamsonkhano. Ng'ombe imatenga miyezi isanu ndi inayi kuti ibereke, kaya mtsogoleri akhale ndani. Koma mlembi wa chipani wa ku Ryazan, Alexei Larionov, adalonjeza kuti mu 1959 chigawo chake chipereka ku boma nyama yochuluka katatu kuposa chaka chapitacho. Nyuzipepala zidaimba nthungululu, ndipo mu Febuluwale 1959, lonjezo lisanakwaniritsidwe, chigawocho chidapatsidwa kale Mendulo ya Lenin. Kuchokera pamenepo kubwerera m'mbuyo kudali kosatheka.

Zomwe zidachitika m'miyezi yotsatira zidalembedwa mwatsatanetsatane. Adapha ana a ng'ombe a chaka chimenecho, adapha ng'ombe zambiri zamkaka, adapha ndi nkhunzi zobereketsa zomwe. Ng'ombe za pakhomo za alimi zidatengedwa posiya kapepala. Misonkho idayamba kulipidwa ndi nyama. Zitaperewerabe, nthumwi zidatumizidwa ku zigawo zoyandikana kukagula ziweto ndi ndalama zomwe zidaikidwira kugula makina ndi kumanga sukulu. Mu Disembala 1959 Ryazan idalengeza kuti yapereka matani 150,000 a nyama, ndipo Larionov adavekedwa nyenyezi ya Ngwazi ya Ntchito. Adalonjezanso matani 180,000 a 1960. Koma makola adali pululu. Chigawocho chidapereka matani 30,000 okha, alimi olandidwa ng'ombe adafooka pa ntchito ya kolkhoz, ndipo zokolola za mbewu nazo zidagwa. Larionov adamwalira mu Seputembala 1960, ndipo olemba mbiri ambiri amati adadzipha. Mu Juni 1962 boma lidakweza mtengo wa nyama ndi batala, ogwira ntchito a mumzinda wa Novocherkassk adachita zionetsero, ndipo asilikali adawombera anthu oposa 20.

Chomwe chimatidetsa nkhawa pa nkhani ya Ryazan ndi chakuti chiwerengero cha 1959 sichidali bodza lenileni. Nyama yambiri idaperekedwadi. Sikelo idayeza chomwe idauzidwa kuyeza, chomwe ndi nyama ya chaka chimodzi, ndipo palibe adaiuza kuti iwerengenso ng'ombe zotsala m'khola. Alangizi ndi madokotala a ziweto a m'chigawomo ankadziwa bwino lomwe kuti kupha ng'ombe yamkaka ndi kudya mbewu ya chaka chamawa. Koma ndani akanatsutsa lonjezo lomwe mtsogoleri wa dziko adali ataliyamikira kale ndi mendulo?

Za ntchito yoswa mphanje ku Kazakhstan ndi ku Siberia tingodutsapo mwachangu. Kuyambira 1954 achinyamata zikwi mazanamazana adatumizidwa kukalima zidikha za udzu, ndipo m'zaka zitatu mahekitala oposa 30 miliyoni adagalauzidwa. Zokolola za 1956 zidali zazikulu, ndipo mu Okutobala chaka chomwecho boma lidakhazikitsa mendulo yapadera yomwe idaperekedwa kwa anthu oposa miliyoni imodzi. Khrushchev adalandirapo nyenyezi mu 1957. Nthaka yolimidwa tirigu chaka ndi chaka yopanda chophimba idayamba kuuluka ndi mphepo, ndipo mu 1963 dziko lidagulitsa golide kuti ligule tirigu ku Canada. Amene adapulumutsa nthakayo, Alexander Barayev wa pa malo ofufuzira a Shortandy, pophunzitsa kulima mosagalauza ndi kusiya ziputu m'munda, nyenyezi yake adailandira mu 1980.

Tiyeneranso kutchula amene sadavekedwe. Trofim Lysenko, amene ankakana sayansi ya chibadwa cha zomera ndi kulonjeza zokolola zodabwitsa mwamsanga, adakhala Ngwazi mu 1945 ndipo adalandira Mendulo ya Lenin kasanu ndi katatu. Kuyambira 1948 aphunzitsi adalamulidwa kuphunzitsa maganizo ake, ndipo mabuku a sukulu adakhala choncho mpaka pamene adachotsedwa pa udindo mu 1965. Nikolai Vavilov, amene adayenda maiko ambiri, kuphatikizapo Ethiopia, kusonkhanitsa mbewu zamitundumitundu, adamangidwa mu 1940 ndipo adafa ndi njala m'ndende ya Saratov mu 1943. Padalinso Ivan Khudenko, amene m'zaka za m'ma 1960 adayesa njira ina ku Kazakhstan, makamaka pamalo otchedwa Akchi: timagulu tating'ono todziyang'anira tokha, tolipidwa malinga ndi zomwe tatulutsa, popanda khamu la akapitao ndi makalaliki. Munthu mmodzi adayamba kutulutsa zochuluka kangapo kuposa m'minda yoyandikana. Ntchitoyo idatsekedwa mu 1970, Khudenko adaimbidwa mlandu wakuba chuma cha boma mu 1972, ndipo adafera m'ndende mu 1974. Njira yake inkasonyeza kuti maudindo ambiri a m'maofesi adali osafunika, ndipo eni maudindowo ndiwo ankalemba maina a oyenera mendulo.

Kumene bodza lidakula n'kukhala ngati boma lachiwiri ndi ku Uzbekistan, pa thonje. Thonje lidali ulemerero wa dziko laling'onolo mkati mwa Soviet Union. Tcheyamani wa kolkhoz ina ya thonje, Hamroqul Tursunqulov, adali mmodzi mwa anthu ochepa kwambiri amene adavekedwa nyenyezi katatu, mu 1948, 1951 ndi 1957. Mtsogoleri wa Uzbekistan kuyambira 1959, Sharof Rashidov, adavekedwa kawiri, mu 1974 ndi 1977. Chaka ndi chaka Moscow inkafuna zochulukirapo, mpaka chiwerengero chidafika pa matani 6 miliyoni, chomwe nthaka yotopa ndi yodzaza mchere siikanatha kubereka. Tsono thonje losowalo lidayamba kumera papepala. Kolkhoz inkapereka chiphuphu kwa woyeza pamalo ogulira kuti alembe risiti ya thonje lomwe silidabwere. Fakitale yochotsa njere inkalemba kuti yalilandira. Mabogi a sitima ankapita ku mafakitale a nsalu a ku Russia atanyamula zinyalala za thonje kapena opanda kanthu, ndipo olandira kumeneko nawo ankadyapo kuti asaine. Anthu a ku Russia ali ndi liwu lakelake la mchitidwewu, pripiski, kutanthauza zolemba zowonjezera.

Rashidov adamwalira pa 31 Okutobala 1983, ofufuza a ku Moscow, Telman Gdlyan ndi Nikolai Ivanov, atayamba kale ntchito yawo. Zofufuza zidapeza kuti pakati pa 1978 ndi 1983 boma lidalipira matani oposa 4 miliyoni a thonje lomwe silidakololedwe. Anthu oposa 4,000 adapezeka olakwa, ena mwa iwo ovala nyenyezi za golide. Nduna yoona za mafakitale ochotsa njere za thonje idaweruzidwa kuti iphedwe, ndipo mkamwini wa Leonid Brezhnev, Yuri Churbanov, adalamulidwa mu 1988 kukhala m'ndende zaka 12. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mtengo weniweni adaulipira ena. Inu aphunzitsi mudziwe kuti nthawi yokolola ikafika sukulu za kumidzi zinkatsekedwa kwa milungu yambiri, ana ndi aphunzitsi awo n'kutengedwa kukathyola thonje, ndipo mphunzitsi wamkulu ankafunsidwa za makilogalamu a ana ake monga momwe akanafunsidwira za mayeso. Mchitidwewu udapitirira dziko la Uzbekistan litalandira ufulu, ndipo bungwe loona za ntchito la United Nations lidanena kuti kukakamiza kwa boma kudatheratu pa zokolola za 2021. Mitsinje ya Amu Darya ndi Syr Darya idapatutsidwa kuti ithirire thonje, ndipo Nyanja ya Aral, yomwe mu 1960 kukula kwake kudali koposa kawiri Nyanja ya Malawi, idaphwa mpaka kugawikana pakati kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Doko la asodzi la Muynak lidatsala pamchenga ndi zombo zake.

Anthu a ku Uzbekistan amaiona nkhaniyi mwa njira ina, ndipo ali ndi mfundo. Atalandira ufulu mu 1991 adakhululukira ambiri mwa omangidwawo, ndipo dzina la Rashidov lidabwezeredwa ulemu. Iwo amati wolakwa woyamba ndi amene adaika chiwerengero chosatheka ali ku Moscow, nalanga wonena zoona ndi kuveka mendulo wonena bodza, kenaka n'kudabwa kuti bodza lachuluka. Ife sitingamasule kalaliki amene adalemba risiti ya thonje la mphepo, chifukwa dzanja lidali lake ndipo chiphuphu adachidya. Koma sitingakanenso kuti tcheyamani amene akanalemba chiwerengero choona akanachotsedwa ntchito chaka chomwecho, mnzake wonama n'kupita ku Moscow kukavekedwa.

Ife kuno mwambo wolemekeza alimi si wachilendo. Akuluakulu akukumbukira dzina la Mchikumbe lomwe linkaperekedwa kwa alimi otsata malangizo a ulimi wamakono m'zaka za m'ma 1970, ndipo zionetsero za zaulimi zopereka mphotho zikuchitikabe. Sitikuyerekeza zimenezo ndi za Ryazan. Tikungoti mafunso omwe dziko lija lidalephera kufunsa ndi oti mlangizi aliyense, kalaliki aliyense wa pamsika ndi mphunzitsi aliyense wolemba lipoti angathe kuwafunsa pa desiki lake. Kodi woyeza ali ndi gawo pa mphothoyo? Kodi chikuyezedwa ndi chaka chimodzi, kapena zaka zisanu pamodzi ndi nthaka ndi ziweto zotsala? Kodi ndi hekitala imodzi yodyetsedwa bwino, kapena munda wonse? Nanga wobweretsa chiwerengero chotsika koma choona amalandiridwa bwanji mu ofesi ya bwana wake? Funso lomalizali ndilo lolemera, chifukwa yankho lake silili m'manja mwa kalaliki.

M'zaka zomaliza za Soviet Union mamendulo adachuluka mpaka adayamba kupepuka. Mu 1974 kudabwera Mendulo ya Ulemerero wa Ntchito, mu 1977 ina ya otukula minda ya kumpoto kwa Russia, ndipo Brezhnev mwini adavala nyenyezi zisanu, nalandiranso mu 1979 mphotho ya Lenin ya olemba mabuku chifukwa cha mabuku atatu a zikumbutso zake, limodzi lonena za kuswa mphanje kuja. M'zaka zomwezo dziko linkagula mbewu kunja: kuyambira kugula kwakukulu kwa ku America mu 1972, mpaka zaka zina za m'ma 1980 pamene lidagula matani oposa 40 miliyoni pachaka, kulipira ndi ndalama za mafuta. Gorbachev, mnyamata wa pa makina okololera uja, adaikidwa kuyang'anira zaulimi mu 1978, ndipo atakhala mtsogoleri adayesa kubwereketsa minda kwa mabanja ndi timagulu tating'ono, njira yosasiyana kwenikweni ndi yomwe Khudenko adafera. Nthawi idali itatha. Ngwazi yomaliza ya Ntchito ya Sosholizimu idali woimba wa ku Kazakhstan, Bibigul Tulegenova, pa 21 Disembala 1991, kutatsala masiku anayi kuti Gorbachev atule pansi udindo, ndipo m'nyengo yachisanu imeneyo mizinda ya Russia inkalandira chakudya chachithandizo kuchokera ku maiko a azungu.

Ulimi wa Russia udagwa koopsa m'zaka za m'ma 1990, minda yambiri idasanduka tchire ndipo ziweto zidachepa. Udadzukanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pamene makampani akuluakulu ndi alimi odziimira paokha adayamba kulima tirigu wogulitsa kunja kudzera m'madoko a Black Sea, ndipo kuyambira cha m'ma 2016 dzikolo lakhala patsogolo pa maiko ogulitsa tirigu kunja. Tirigu ameneyo amayezedwa padoko ndi wogula, amene salipira tani yomwe sadaione m'chombo.